KUSANKHA KOMPYUTA YOJAMBULIRA NYIMBO

Chaka chino pasukulu pano pakumveka nkhani yambiri ya kujambula nyimbo. A kwaya afuna kujambula nyimbo zao, anyamata amene amapeka nyimbo usiku ku hositelo afunanso zomwezo, ndipo ena ali ndi abale ku Joni amene awalonjeza laputopu pa Khrisimasi kapena pa Idi. Funso limene limabwera kawirikawiri ndi ili: kodi kompyuta yoyenera nchito imeneyi ndi yotani? Ine ndiri m'kagulu ka zoimbaimba, ndipo pa tchuthi ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa kwa amisiri. Zimene ndapeza ndazilemba muno, pakuti mtengo wa kompyuta si wamasewera. Kwa ambiri a ife ndalama imeneyo ndi usipa wa miyezi yambiri, kapena thukuta la mbale wathu amene akugwira nchito kutali. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mmene ankajambulira kale

Tisanafike pa kompyuta, nkwabwino kudziwa kumene nchitoyi yachokera. M'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 kunabwera kuno ku Nyasaland mzungu wina dzina lake Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo za Amang'anja, Achewa ndi Ayao. Pa masiku amenewo boma lathu lino linkatchedwa Fort Johnston. Bamboyu ankayenda ndi galimoto, makina olemera ndi jenereta yakeyake, popeza m'midzi munalibe magetsi. Maikolofoni ankaigwira m'manja, naisendeza kwa woimba aliyense amene mau ake afunika kumveka pa nthawi imeneyo. M'chaka cha 1954 anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo ya International Library of African Music, imene lero iri pa Rhodes University ku South Africa, ndipo mau a makolo athu akali komweko. M'chaka cha 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kujambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Daniel anamwalira mu 1987, koma gitala lake timalimvabe.

Nchito imene inkafuna galimoto yodzaza, lero ikwana m'chikwama cha mabuku. Koma phunziro la anthu amenewa lisatichoke: anajambula zinthu zokoma ndi makina ochepa mphamvu kuposa foni zathuzi, chifukwa anali ndi khutu ndi chisamaliro.

Kompyuta imamva bwanji?

Monga tinaphunzirira m'kalasi, mau ndi kunjenjemera kwa mpweya. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala magetsi ochepa kwambiri. Koma kompyuta sidziwa china koma manambala. Tsono pamafunika kachipangizo koyeza magetsiwo mwachangu ndi kulemba nambala pa kuyeza kulikonse. Pa chimbale cha CD mau amayezedwa ka 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo ojambula ambiri masiku ano amasankha ka 48,000. Manambala onsewa ayenera kulandiridwa, kukonzedwa ndi kusungidwa popanda kuphonya. Kompyuta ikachedwa pang'ono pokha, m'nyimbo mumamveka kuthetheka ndi kudukiza, ndipo chimene chalowa m'nyimbo motero nchobvuta kuchichotsa.

Zinthu zitatu za m'kati

Ife a kunyanja tingamve msanga tikayerekeza ndi nchito ya usodzi.

Choyamba ndi purosesa. Imeneyi ndiyo alovi opalasa bwato: akakhala ambiri ndiponso amphamvu, ulendo umafulumira. Pa nchito ya nyimbo funani Intel Core i5 kapena AMD Ryzen 5, ngakhale zoposa pamenepo. Koma dzina lokha lisakunyengeni, pakuti ma i5 ali ndi mibadwo. Taonani nambala yoyamba pambuyo pa kamzere. Yolembedwa i5-2520M ndi ya m'badwo wachiwiri, ya chaka cha 2011, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ya chaka cha 2017. Wogulitsa adzati zonse ndi "i5", koma ziri ngati nkhalamba ndi mnyamata. Dziwaninso kuti pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena yatsopano kuposa apo. Makompyuta otchipa olembedwa Celeron ngabwino polemba makalata, koma pa nyimbo za zida zambiri amatopa msanga.

Chachiwiri ndi RAM. Imeneyi ndiyo thandala loyanikapo nsomba. Thandala likachepa, nsomba zimaunjikana ndipo nchito imaima, ngakhale alovi akhale amphamvu chotani. Zonse zimene mukugwiritsa nchito pa nthawi imodzi, monga ng'oma, gitala, mau a oimba ndi zokometsera, zimayalidwa pa RAM. Ya 4 GB njochepa. Ya 8 GB ikwanira poyambira, ndipo ya 16 GB imapatsa mtendere. Funsani ngati RAM ingathe kuonjezedwa m'tsogolo, chifukwa m'malaputopu ena anaimatiriratu.

Chachitatu ndi mosungira, ndiye nkhokwe. Muli mitundu iwiri: hard disk yakale, imene iri ndi mbale yozungulira m'kati, ndi SSD, imene iribe kanthu koyenda. SSD njachangu, siichita phokoso, ndiponso siionongeka msanga ndi kugwedezeka kwa minibasi kapena kabaza. Tiyeni tiwerengere kukula kwake. Maikolofoni imodzi, poyeza ka 48,000 pa sekondi ndi ma bit 24, imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi. Nyimbo ya mphindi 4 yokhala ndi mizere 16 ya mau ndi zida imadya ngati 550 MB, ndipo palibe woimba amene amakhoza ulendo woyamba. Chotero SSD isachepere 256 GB. Laputopu yakale ikaikidwa SSD ndi RAM yoonjezera imatsitsimuka modabwitsa, ndipo njira imeneyi njotchipa kuposa kugula yatsopano.

Kabokosi kofunika koposa

Ambiri amaganiza kuti akagula kompyuta, situdiyo yatha. Ai ndithu. Maikolofoni ya m'laputopu inapangidwira kulankhulana, ndipo imatola phokoso la kompyuta yomweyo. Pamafunika kabokosi kotchedwa audio interface, kamene kamalumikizidwa pa USB. Ndi kameneka kamene kamakuza magetsi a maikolofoni ndi kuwasandutsa manambala. Makampani monga Focusrite ndi Behringer amapanga tating'ono tolowetsa maikolofoni imodzi kapena ziwiri. Maikolofoni za mtundu wa condenser zimamva zinthu zazing'ono zomwe, koma zimafuna mavoti 48 ochokera m'kabokosiko. Za mtundu wa dynamic sizifuna zimenezo, nzolimba, ndipo sizitola kwambiri phokoso lakutali, chotero zimayenera malo athu ano a nkhuku ndi njinga zamoto.

Kabokosika kamathandizanso pa bvuto la kuchedwa kwa mau. Kompyuta imatenga manambala aja m'magulumagulu. Gulu likakhala la 128, kudikira kwake sikufika magawo 3 mwa magawo 1,000 a sekondi. Likakhala la 1,024, kudikirako ndi magawo 21, ndipo popeza mau amalowa ndi kutulukanso, kuchedwa kumaposa magawo 40. Mau amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye kuti woimba amadzimva ngati waima mamita 14 kutali ndi iye mwini. Amene anabvinapo beni akudziwa kusokonezeka kumene kumakhalapo ng'oma ikamveka mochedwa. Gulu laling'ono limachotsa bvutoli, koma limalemetsa purosesa, ndipo nchifukwa chake purosesa yofooka siiyenera. Timabokosi tambiri tiri ndi batani lotumiza mau a woimba ku mahedifoni asanalowe m'kompyuta, ndipo limeneli limathetsa kuchedwako.

Malangizo anga ndi akuti musathere ndalama yonse pa kompyuta. Siyani gawo la kabokosi, maikolofoni ndi mahedifoni otseka makutu. Kompyuta yapakati yokhala ndi maikolofoni yabwino imaposa kompyuta yodula imene iribe.

Za kwathu kuno: magetsi, kutentha ndi fumbi

Mabuku ambiri a nkhani imeneyi analembedwa ku maiko ozizira kumene magetsi sazima kawirikawiri. Iwo amayamikira kompyuta yaikulu ya patebulo, ndipo nzoona kuti pa mtengo umodzimodzi imeneyo imakhala yamphamvu kuposa laputopu. Koma ife tiyenera kuganiza za kwathu. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, umene umatuluka m'nyanja pompano pa Mangochi, ndipo amapangidwa ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga malo a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anayambanso kugwira nchito mu 2023. Magetsi akazima, kompyuta ya patebulo imazima pomwepo pamodzi ndi nyimbo imene simunasunge, pokhapokha mutagula batire lapadera lotchedwa UPS. Laputopu iri ndi batire lake, ingathe kutchajidwa pa sola, ndipo mungainyamule kupita nayo ku Malindi, ku Makanjira kapena ku Chembe kumene kuli oimba. Pa zifukwa zimenezi ine ndiima ndi laputopu.

Palinso china. Nthawi zina laputopu ikakhala pa chaja, m'nyimbo mumalowa kulira kwapansipansi ngati kwa njuchi. Kawirikawiri mukazula chaja ndi kujambula pa batire, kulirako kumatha. Ndiye batire lamoyo ndi chuma. Ndipo amene akuyembekeza laputopu ya ku Joni akumbuke kuti mapulagi a kumeneko ali ndi mano obulungira, pamene athu ngamakona.

Kutentha kwa October ndi November tonse tikukudziwa. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ndipo fani yake imalira mokweza mpaka kulowa m'maikolofoni. Musaike laputopu pa bulangeti kapena pa matiresi. Ikani pa thabwa, mpweya uzipita pansi. Jambulani m'mamawa kusanatenthe, ndipo maikolofoni ikhale patali ndi kompyuta. Fumbi ndi mchenga zimatseka timabowo ta mpweya, chotero muziivundikira mukatha nchito. MacBook Air imene kampani ya Apple inatulutsa mu 2020 ndi purosesa ya M1 iribe fani konse, koma njodula, RAM yake siionjezedwa, ndipo ikaonongeka zipangizo zake sizipezeka msanga.

Pogula yogwiritsidwapo kale nchito

Ambiri a ife tidzagula ya kaunjika, ndipo palibe manyazi pamenepo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakhulupirire kapepala komatidwa pamwamba. Yatsani kompyuta, ndipo muwerenge nokha dzina la purosesa ndi kukula kwa RAM m'kati mwa Windows. Zulani chaja muone ngati batire likhalitsa. Yesani mabowo onse a USB ndi mabatani onse. Isiyeni iyake kwa mphindi 20 mukumvetsera fani. Onetsetsani kuti iribe mau achinsinsi a mwini wake wakale, ndipo pemphani lisiti, kuopa kugula katundu wakuba. Ngati nkotheka pitani ndi munthu wodziwa, monga aphunzitsi athu a kompyuta.

Za mapulogalamu, Audacity, imene inatuluka m'chaka cha 2000, njaulere ndipo ikwanira kujambula kwaya kapena gule. LMMS njaulerenso, ya opanga zoimbira pa kompyuta. FL Studio ya ku Belgium ndi Cubase ya ku Germany nzogula. Reaper njopepuka pa makompyuta akale, ndipo amalola kuiyesa masiku 60. Mapulogalamu obedwa amene amayenda pa mafulashi kawirikawiri amabwera ndi mavairasi. Nyimbo zanu zisungeni monga WAV, pakuti MP3 imataya mbali ina ya mau, ndipo muzikhala ndi kope lachiwiri pamalo ena.

Tidzajambula chiani?

M'chaka cha 2014 chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira ku Nkopola, ndipo alendo anachokera kutali kudzamva nyimbo m'boma lathu lino. Si kulakwa kulakalaka kudzaimba pa nsanja yotere kapena kumveka pa wailesi ya Dzimwe. Amene adzafike pamenepo adziwe kuti pali bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze nchito za opeka. Koma m'midzi mwathu muli agogo odziwa nyimbo za likwata, manganje, beni ndi za pokoka khoka, zimene sizinalembedwe m'buku lililonse. Mmodzi akamwalira amapita nazo. Amene adzakhale ndi laputopu ayambe ndi iwowa. Apemphe chilolezo mwaulemu, alembe dzina la woimba, mudzi, tsiku ndi tanthauzo la nyimboyo, ndipo akatha abwerere kukawamvetsa eni ake.

Pomaliza, anzanga, kompyuta siipeka nyimbo ndipo siikonza mau osaphunzitsidwa. Siilembanso mayeso a Fomu 4. Zonse ndafotokozazi, za kunjenjemera kwa mpweya, mavoti ndi kuwerengera, ndi Fizikisi ndi Masamu zomwe timaphunzira m'kalasi. Tizigwire kolimba, kuti tsiku logula likadzafika tidzasankhe ndi nzeru zathu.