Aliyense akati "olijino", wogula amvera ndani?

Mu msika wa Tsoka ku Lilongwe, wa Limbe, ngakhale pa WhatsApp, mawu otsatsira malonda ndi amodzimodzi: "olijino", "kwalite", "yotchipa", "nambala wani". Mawuwa anasukuluka kalekale. Wogulitsa chaja yolimba ndi wogulitsa chaja yofa pa sabata imodzi onse amakuwa kuti "olijino", ndiye wogula anasiya kumvetsera.

Chimene wogula amafuna kumva ndi zinthu zinayi: dzina la katundu, kumene wachokera, muyeso wake ndi mtengo.

Ngati mumagulitsa mpunga, musangoti "mpunga wabwino". Nenani kuti ndi Kilombero wa ku Karonga, wosasakaniza, wopeta kale. Mtedza utchuleni mtundu wake, Chalimbana kapena CG7, chifukwa amayi okazinga ndi osinja nsinjiro amadziwa kusiyana kwake. Usipa ndi wofutsa kapena woumika padzuwa? Chimanga ndi cha m'thumba la makilogalamu 50 kapena cha pa ndowa ya malita 20? Ndi chothira mankhwala a anankafumbwe? A kaunjika, tchulani saizi ndi tsiku limene mwatsegula belo.

Mawu oterewa wogula angathe kuwatsimikiza yekha ndi maso, mphuno kapena sikelo. Akapeza kuti mwanena zoona, mawa safunsanso kwina.

Samalaninso ndi "mtengo womaliza". Mukanena kuti ndi womaliza kenaka n'kutsitsa kawiri, mwamuphunzitsa kasitomala kuti mawu anu alibe malire, ndipo ulendo wotsatira adzanenerera mpaka kudya phindu lanu. Chimodzimodzi "zatsala zochepa" pamene matumba ali mbwee kumbuyo kwanuko.

Nkhaniyi ikukhudzanso malamulo. Kunamiza wogula za mtundu kapena chiyambi cha katundu ndi mlandu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Nalo la Malawi Bureau of Standards limayendera masikelo. Choncho mpunga wosakaniza musautche Kilombero, ndipo thumba losakwana musalitche la 50.

Sabata ino tengani katoni ndi cholembera. Lembani dzina la katundu, kochokera, muyeso ndi mtengo, muike pa benchi. Mawu alionse amene mnzanu wa benchi yoyandikana angakuwenso osasintha kanthu, afufuteni. Otsalawo ndiwo adzakugulitsirani.