Mawu Akalowa M'khutu, Amasanduka Chiyani?

Ana anga, tatsinzinani pang'ono. Azakhali anu ndinena mawu amodzi: galu. Mwaona chiyani m'mutu? Ambiri mwaona galu wamba, wopanda dzina. Koma ku America kuli mayi wina amene akamva mawu otere, amaona agalu enieni amene anakumanapo nawo. Amabwera mmodzimmodzi, wina pambuyo pa mnzake.

Mayi ameneyu ndani? Ndi Temple Grandin, amene anabadwira mumzinda wa Boston mu 1947. Iwo ali ndi autism. Autism sapatsirana, ndipo si ufiti. Ubongo wa munthu wotere umangogwira ntchito mwanjira yakeyake. Mayi Grandin anafika zaka 3 asanayambe kulankhula. Atakula anakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University.

Nanga ali mwana ankasiyanitsa bwanji galu ndi mphaka? Ankati wamkulu ndi galu, wamng'ono ndi mphaka. Tsiku lina anansi awo anabweretsa kagalu kamiyendo yaifupi. Aa, lamulo lija linasokonekera! Anakayang'anitsitsa kagaluko, mpaka anazindikira kuti agalu onse, aakulu ndi aang'ono, mphuno zawo n'zofanana. Ine pamenepa ndimachita chidwi kwambiri. Ifetu timangoti "galu" osayang'ana n'komwe mphuno. Lero mukaone mphuno ya galu ndi ya mphaka, koma muli chapatali.

Kodi mawu opanda chithunzi Mayi Grandin amatani nawo? Amawapezera chithunzi. Akamva zoti mtendere, amaona nkhunda. Inu tengani pensulo, muyese kujambula chilungamo. N'zovuta, eti?

Nanga bwanji anzathu ena a autism amadabwa ndi zining'a? Ambiri amamva mawu mmene anenedwera. Agogo akati, "Bwera ndikutsine khutu," inu mumadziwa kuti akufuna kukuchenjezani. Koma mnzanu wa autism akhoza kubisa khutu lake ndi dzanja. Musamuseke. Iye wamva bwinobwino zimene agogo anena.

Kodi onse a autism amaganiza ndi zithunzi? Ayi ndithu. Ena amakonda manambala, ena amasunga mawu ambirimbiri m'mutu, ena salankhula koma amamva.

Ndiye mnzanu wotere mungacheze naye bwanji? Nenani chimene mukufuna mosazungulira. Mukamufunsa funso, werengani chamumtima mpaka 10, yankho lisanabwere musamudule. Mawa m'kalasi mukayese, ana anga.