Wamkulu ndani pa magulu oimba amene Fonte Boa yakula nawo?

Mu 2009 zimbale za The Beatles zidakonzedwanso n'kuikidwa m'bokosi limodzi, kuti wogula amve gululo kuchokera poyambira mpaka pothera. Kwathu kuno ku Fonte Boa, kumene wailesi za ku Malawi zimamveka ndipo Dedza ndi Ntcheu ndi poyandikira, magulu oyenera ulemu wotere alipo atatu.

Pa ukulu wa zaka, Alleluya Band ya ku Balaka ilibe mnzake. Idayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika, Paul Banda ali patsogolo, Bambo Mario Pacifici a ku Italy akuthandiza. Ghorwane ya ku Maputo idabwera mu 1983, pamene Black Missionaries ya ku Chileka ndi ya dzana, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Alleluya ndiyonso yasula oimba ambiri kuposa anzakewo. Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Isaac Liwotcha ndi Foster Chimangafisi onse adadzera pamenepo. Lucius adakakhazikitsa Zembani Band, ndipo pomwalira pa 30 June 2024 n'kuti dziko lonse likumutcha Soja. Kaimbidwe kamene timati ka ku Balaka, rege yofatsa, kiyibodi pamwamba, mawu onena za umphawi ndi Mulungu, kadafalikira pa makaseti ojambulidwa mu situdiyo ya Paul Banda ya Imbirani Yahwe. Makasetiwo adaoloka malire m'matumba a ogulitsa mbatata ya kachewere. Tepi ikatafunidwa, ankaitulutsa mosamala, kuiwongola ndi chala, n'kuikulunga ndi bolopeni, nyimbo n'kupitirira ndi kachilema kake pomwepo.

Pa kukakamira dzina limodzi, Black Missionaries, omwe timawatcha Ma Blacks, ndiwo akatundu. Evison Matafale adatcha chimbale chake Kuimba 1, chotsatira Kuimba 2, ndipo anzake apitiriza kuwerenga mpaka kudutsa 10. Ndiwonso alira maliro owawa: Matafale adafera m'manja mwa apolisi mu November 2001, Musamude Fumulani yemwe adatenga utsogoleri adamwalira mu 2007, koma Anjiru ndi Chizondi Fumulani sadaike zida pansi. Ghorwane nayo idataya Zeca Alage mu 1993 ndi Pedro Langa mu 2001, onse mochita kuphedwa. Iyo ndiyo idafika patali msanga, chifukwa chimbale chake cha Majurugenta chidatuluka ndi kampani ya Real World ya Peter Gabriel ku England.

Kwa ine, bokosi loyamba likhale la Alleluya, poti nyimbo zake ndi zimene zili pangozi kwambiri. Tepi ya kaseti imachita nkhungu, imamatirirana. Mnyamata wobena nyimbo pa msika wa Ulongwe amakuikira mulu wonse pa memore khadi, wopanda chaka, wopanda dzina la wopeka, nyimbo ya Sinetre italembedwa Lucius. Mwana wa sekondale ku Fonte Boa angadziwe bwanji amene adaimba gitala?

Inu akuluakulu a ku Balaka, funafunani matepi oyambirira, muwatsuke mawu, mulembe zaka ndi maina a oimba onse m'kabuku ka Chichewa. Ndipo potumiza katunduyo, musaiwale tsidya lino la Angónia.