Ndege Zazing'ono Zomvera Wailesi

Ana a ku Songani ndi m'chigwa chonse cha Domasi adziwa kupanga magalimoto a mawaya. Mwini galimoto agwira chiwongolero chachitali natsata pambuyo, ndipo galimotoyo ikhota kumene iye afuna. Zilipo ndege zazing'ono zimene ziwongoledwa chomwecho ndi munthu woima pansi, koma pakati pa iye ndi ndegeyo palibe waya kapena chingwe. Chimene chiwalumikiza ndi wailesi.

Ndegezi si zamasewera okha ayi. M'chaka cha 2016 zinayesedwa ku Lilongwe kunyamula magazi a makanda kupita nawo kokayeza. Mu June 2017 Boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF linatsegula malo oyeserapo ndegezi ku Kasungu, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe kuti achinyamata aphunzire kuzipanga ndi kuziulutsa. Zambiri za ndege zantchitozi ziyenda zokha motsata njira yolembedwa m'kompyuta, komabe wophunzira ayenera kudziwa wailesi yam'manja.

Mmene Ndege Imvera

Mawailesi ake ndi awiri. Yaikulu ikhala m'manja mwa woulutsa, ndipo ntchito yake ndi kutumiza. Inzake ndi yaing'ono ngati bokosi la machesi. Ikhala m'mimba mwa ndege, ndipo ntchito yake ndi kulandira. Yolandirayo ipereka lamulo kwa timakina totchedwa servo, ndipo timeneti tikoka kapena kukankha tizigawo ta mapiko ndi ta chipsepse.

Wailesi yam'manja ili ndi timitengo 2 togwira ndi zala, ndipo titumiza malamulo 4. Pa mawailesi ambiri kamtengo kakumanzere kawonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini, ndiponso kakhotetsa chipsepse choimirira monga tsigiro la ngalawa. Kakumanja kakweza kapena kutsitsa mphuno ya ndege, ndiponso kaipendeketsa.

Kale mawailesi amenewa ankasokonezana. Anthu awiri akayatsa pa mlingo umodzi, monga pa 27 MHz, ndege inkamvera onse awiri nigwa. Masiku ano ambiri agwira ntchito pa 2.4 GHz, ndipo yotumiza ndi yolandira ziyamba zadziwitsidwa kamodzi. Zikatero ndege imvera mwini wake yekha, monga mwana wa mbuzi adziwa kulira kwa make pakati pa gulu.

Zoyenera Kuchita Ndege Isanauluke

Ngozi zambiri ziyambira pansi, ndege isananyamuke. Tsono woulutsa asamale zinthu izi mwa dongosolo lake.

Choyamba, pokonza achotse pulopela, ndiye chopukusa mphepo chija, chifukwa ikazungulira mwadzidzidzi itema zala ngati mpeni.

Chachiwiri, ayatse wailesi yam'manja poyamba, kamtengo ka injini kali pansi, ndipo pambuyo pake alumikize batire la ndege. Pozimitsa ayambe ndi ndege. Ndege yoyaka popanda woilamulira ingathe kudzidzimuka yokha.

Chachitatu, aime kumbuyo kwa ndege nayese timitengo. Akakankhira kumanja, kachigawo ka phiko lakumanja kakwere, kakumanzere katsike. Akakokera kwa iye, chipsepse chogona chikwere. Ngati china chichita mosemphana, atembenuze lamulo lake m'wailesi. Woiwala ichi ayesa kukweza ndege, koma iyo ilasa pansi.

Chachinayi, auze yolandira chochita mawu a wailesi akaduka, ndicho kuzimitsa injini. Popanda ichi ndege ithawa ndi mphamvu yake yonse, ndipo ingakagwere padenga kapena pa munthu.

Chachisanu, ayese mtunda. Mawailesi ambiri ali ndi batani lochepetsa mphamvu. Mnzake agwire ndege, iye ayende mapazi ngati 30, ndipo ndegeyo imverebe. Ikazengereza, isauluke tsiku limenelo.

Malo ndi Nthawi

Msika wa Songani uli m'mbali mwa msewu waukulu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde. Pamenepo pali anthu ambiri, magalimoto ndi mawaya a magetsi, kotero si malo oulutsirapo. Bwalo la mpira ndilo labwino, ana onse ataima kumbuyo kwa woulutsa. Nthawi yabwino ndi mmamawa, chifukwa masana mphepo ya m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa isinthasintha. Ndege inyamuke ndi kutera moyang'ana kumene mphepo ichokera. Woulutsa akumbukirenso kuti ndege ikamadza kwa iye, kumanja kwake kuoneka ngati kumanzere; ophunzira ambiri agwetsera ndege zawo pamenepa.

Ku Zomba kuli bwalo la ndege za asilikali, ndipo nkoletsedwa kuulutsa pafupi ndi bwalo lililonse la ndege. Mphunzitsi wofuna kuyamba ntchitoyi ndi ana ake afunse kaye malamulo kwa akuluakulu a Boma oyang'anira za ndege, adziwitsenso mfumu ya m'mudzi, kuti anthu asadzidzimuke. Akatero ayambe kuphunzitsa zinthu zisanu zija ndege ili pansi, kufikira mwana aliyense atazidziwa pamtima.