Khadi la Sawamura ndi dzina la malemu kwa Mwambo

Pa 20 Novembala 1934, mumzinda wa Shizuoka ku Japan, mnyamata wa zaka 17 anaima pakati pa bwalo atafumbata mpira. Masewera ake anali baseball, aja amene wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, mnzake n'kumayesa kukamenya ndi chibonga. Dzina lake linali Eiji Sawamura. Tsikulo anakumana ndi zimphona za ku America, ndipo anayi motsatizana, Charlie Gehringer, Babe Ruth, Lou Gehrig ndi Jimmie Foxx, anabwerera kukakhala pansi mpira utawazemba. Japan inagonjabe 1–0, koma dzina la mnyamatayo linafika khomo lililonse.

Moyo wake unali wa kanthawi. Anasewera m'timu imene lero imatchedwa Yomiuri Giants, kenako nkhondo inamutenga. Kuponya mabomba a m'manja kunamuwononga phewa lomwe lija linkanjenjemeretsa anthu. Mu Disembala 1944 sitima imene anakwera ndi asilikali anzake inamizidwa panyanja, iye ali ndi zaka 27. Mtembo sunabwere kumudzi.

Chondichititsa chidwi ndi mmene anthu a kwawo anakanira kumuiwala. Kuyambira 1947 pali mphotho ya dzina lake yopita kwa woponya mpira wopambana pachaka. Nambala 14 imene ankavala, timu yake siipatsanso wina. Ndiye pali makhadi. Ana a ku Japan kalekale ankasewera menko, timakatoni tojambulidwa nkhope za akatswiri, n'kumatimenyetsa pansi kuti ka mnzawo katembenuke, monga ana athu amalimbiranirana tizivindikiro ta mabotolo. Mu 1973 kampani ya Calbee inayamba kupereka makhadi a osewera pamodzi ndi timapaketi ta zokhwasula-khwasula, ndipo kampani ina, BBM, inadzayamba ake mu 1991. Kutsogolo nkhope, kumbuyo manambala: masewera angati, anapambana kangati, chaka chiti. Mwana amene agogo ake sanamuonepo Sawamura angathe kumugwira m'manja n'kuwerenga yekha zimene anachita.

Kwathu kwa Mwambo, kutsidya kuno kwa nyanja ya Chilwa, wakufa sitimusunga m'katoni. Timamusunga m'kamwa ndi m'magazi. Mwana akabadwa amapatsidwa dzina la agogo ake, ndipo azakhali omwe amayamba kumutchula "bambo", kumugwadira mwanthabwala koma mtima uli pomwepo. Pakapita nthawi achibale amasonkha ufa, mpunga ndi mbuzi, kuphika sadaka, mudzi wonse n'kudya m'dzina la amene anatsogola. Ena amamanga chiliza, tsiku lochionetsera nyimbo n'kumveka mpaka kudambo. Khadi silingachite zimenezi. Silidyetsa munthu, silisonkhanitsa abale amene anayambana chifukwa cha malire a munda.

Ngakhale pampira timatero. Pitani pabwalo la fumbi pafupi ndi Jali Lamlungu masana, mumva mnyamata wopanda nsapato akuitanidwa ndi dzina la katswiri amene sanamuonepo. Akuluakulu okhala pamthunzi akamuona wotchinga kumbuyo wodekha, wosathamangira mpira, amagwedeza mutu n'kunena kuti ameneyu ndi Chamangwana weniweni. Akunena Jack Chamangwana, wa Wanderers ndi Flames, wa m'badwo uja unatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, amene anadzapita ku Kaizer Chiefs ku South Africa. Anamwalira mu 2018. Ambiri mwa madalawa sanafikepo pa Kamuzu Stadium. Anamudziwa kudzera pa wailesi ya MBC, atazungulira kawailesi kamodzi, mabatire ataanikidwa padzuwa kuti afike kumapeto kwa masewera.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Chikumbukiro chathu n'chofunda, koma chimayenda ndi mpweya wa munthu. Dala mmodzi akaikidwa m'manda, zigoli khumi zimaikidwa naye limodzi. Ife a kunyanja kuno tikudziwa kuti chinthu chachikulu chimatha kuphwa: Chilwa anauma mu 1995, anadzaumanso mu 2018, mabwato n'kugona pamatope ong'ambika pa Kachulu, anthu n'kumayenda wapansi kupita pachilumba cha Chisi. Madzi aja anabwerera, matemba nawo anabwerera. Nkhani ya munthu ikauma m'kamwa mwa omaliza kuidziwa, palibe mvula yoibweza.

Sindikunena kuti titengere Japan ndi makhadi ake ogulitsa. Kumeneko khadi losowa limasanduka malonda, ena n'kulitsekera m'pulasitiki osati chifukwa chokonda malemuyo koma podikira kuti mtengo ukwere. Zimenezo kwathu zingamveke ngati kugulitsa chiliza. Chimene ndimasirira ndi kumbuyo kwa khadi kuja, pamene wina anakhala pansi n'kulemba chaka, bwalo ndi dzina.

Malume anga ali ndi chithunzi chimodzi m'sutikesi, pansi pa zovala za kutchalitchi. Anyamata khumi ndi mmodzi a timu ya m'mudzi, ena atagwada, goloboyi atakumbatira mpira. M'mphepete chiswe chinalawako. Nditawafunsa mayina, anatchula asanu ndi awiri mosadodoma. Pa wachisanu ndi chitatu chala chinaima nthawi yaitali. "Uyu ankamenya ndi mwendo wamanzere," anatero, "kwawo kunali cha ku Chisi." Ndinatenga bolopeni, ndinatembenuza chithunzicho, ndipo pansi pa mayina asanu ndi awiri aja ndinalemba mawu omwewo.