Makutu akamalira, fufuzani mapiritsi amene mukumwa

Omvera athu a ku Mongue ndi midzi yonse ya m'malire, amene munamwapo kapena kubayidwa kwinini mukukumbukira mmene makutu ankachitira. Ankalira ngati m'mutu mwalowa nyenje, ndipo mawu a munthu amene ali pafupi ankamveka ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje. Anamwino ankati musadandaule, zitha mukamaliza mankhwala, ndipo zinkathadi. Lero malungo ambiri timachiza ndi Coartem, amene anzathu a ku Malawi amati LA, koma vuto la makutu olira silinapite ndi kwinini. Ena mwa mapiritsi opha ululu amene timagula pagolosale kapena pamsika nawonso amakhudza khutu.

Kodi kulirako kumachokera kuti?

Madokotala amatchula vutoli kuti tinnitus, pa Chipwitikizi amati zumbido. Munthu amamva phokoso pamene panja palibe chimene chikulira, ndipo limakula usiku kukakhala zii. Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso, timene timalandira mawu n'kuwatumiza ku ubongo. Timaseloti tikafooka, uthenga umafika wochepa, ndiye ubongo umayesetsa kuutchera khutu kwambiri. Zili ngati wailesi imene sikugwira bwino siteshoni: mukakweza voliyumu, chimene chimakula ndi kusokosera.

Aspirin, Brufen ndi Panado

Za aspirin n'zodziwika kuyambira kale. Munthu akamwa wambiri, monga mapiritsi khumi kapena kuposa pa tsiku, makutu amayamba kulira ndipo amamva movutikira. Nthawi zambiri zimatha pakapita masiku awiri kapena atatu atasiya kumwa. Ibuprofen amene ambiri timati Brufen, komanso diclofenac ndi Indocid, ndi a mtundu umodzi ndi aspirin, ndipo nawonso amatha kuchita zomwezi kwa anthu ena.

Chimene chinadabwitsa ambiri ndi Panado. Mu 2022, Dr. Sharon Curhan ndi anzake a pachipatala cha Brigham and Women's mumzinda wa Boston ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira amayi 69,455 kwa zaka zoposa 20. Anapeza kuti amayi amene ankamwa paracetamol masiku 6 kapena 7 pa sabata anali ndi chiopsezo chokwera ndi pafupifupi 20 peresenti chokhala ndi makutu olira osasiya, poyerekeza ndi amene ankamwa mwa apo ndi apo. Amene ankamwa pafupipafupi mankhwala a mtundu wa Brufen analinso pa chiopsezo chokwererapo. Kwa amayi osafika zaka 60 amene ankamwa aspirin wamphamvu pafupifupi tsiku lililonse, chiopsezo chinakwera ndi 16 peresenti.

Tiimvetse bwino nkhaniyi, kuti mawa wina asamalengeze pachitsime kuti Panado amagonthetsa. Kafukufukuyu anaona kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, koma sanatsimikize kuti piritsi ndiye wolakwa nthawi zonse, pakuti matenda amene amachititsa munthu kumwa mapiritsi tsiku lililonse angakhalenso ndi mbali yake. Kumwa Panado masiku awiri chifukwa cha dzino kapena kutentha thupi si kumene kukunenedwa pano. Nkhani ili pa chizolowezi: bambo wopalasa njinga ya matumba a chimanga kupita kumalire amene sanyamuka asanameze awiri, kapena mayi amene akaweruka kumunda wa nandolo amamwa Brufen kuti msana umulole kugona, miyezi n'kumapita.

Agogo amene anapatsidwa kuchipatala aspirin wamng'ono wa 75 mg kapena 100 mg woteteza mtima asasiye. Pa kafukufuku yemweyu, mlingo wochepawu sunawonjezere chiopsezo, ndipo kusiya mwa inu nokha kungabweretse vuto lalikulu kuposa la khutu.

Mankhwala amodzi, mayina awiri

Apa ndi pamene ife a m'malire timagwera m'mbuna. Timalandira mankhwala kuchipatala chathu atalembedwa pa Chipwitikizi, kenako tikawoloka kupita ku Muloza, ku Limbuli kapena ku Phalombe timagula ena a mayina a Chingerezi, n'kumaganiza kuti ndi osiyana. Paracetamol ndi Panado ndi chinthu chimodzi. Ibuprofeno ndiye Brufen. Akalemba AAS kapena ácido acetilsalicílico, ameneyo ndi aspirin. Ufa wa Grand-Pa umene abale amabwera nawo kuchokera ku Joni uli ndi aspirin, paracetamol ndi caffeine pamodzi. Munthu amene wamwa paracetamol wa kuchipatala, Panado wa pagolosale ndi Grand-Pa tsiku limodzi wamwa mankhwala omwewo katatu asakudziwa.

Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a paracetamol a 500 mg pa tsiku, ndipo asamwe oposa awiri nthawi imodzi. Kupitirira apo chiwindi chimawonongeka, makamaka kwa amene amamwanso kachasu. Aspirin, Brufen, diclofenac ndi Indocid musamaphatikize, chifukwa pamodzi amapala m'mimba ndi kuvulaza impso. Mwana wosafika zaka 16 asapatsidwe aspirin. Mayi woyembekezera afunse kusikelo asanamwe mankhwala ena alionse opha ululu. Ndipo mapiritsi ogulitsidwa m'kapepala kopanda dzina, atakhala padzuwa tsiku lonse, ife tikuti asiyeni pomwepo ngakhale atatchipa bwanji.

Makutu akayamba kulira

Choyamba, kumbukirani zimene mwamwa masabata apitawa, ndipo tengani mapaketi onse popita kuchipatala kuti adokotala awaone ndi maso. Ngati ndi mapiritsi ogula nokha, lekani muone ngati phokoso lichepa. Ngati munalembedwa ndi achipatala, kafunseni kaye musanasiye. Mutu wobwerabwera ndi kuphwanya m'thupi ungakhale malungo kapena BP yokwera, choncho kayezetseni. Ngakhale APE wa m'dera lanu ali ndi zoyezera malungo.

Si kulira konse kumene kumabwera ndi mapiritsi. Phokoso la chigayo, masipika a paukwati, phula lodzadza m'khutu, mafinya ndi ukalamba zimayambitsanso vutoli. Majakisoni ena monga gentamicin ndi streptomycin amatha kuwononga khutu mpaka kalekale, kotero amene akubayidwa auze anamwino tsiku lomwelo makutu akayamba kulira. Musathire mafuta, madzi a masamba kapena kutokosa ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi, pakuti mukhoza kuboola khutu.

Musadikire kuti kuche kawiri ngati khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, ngati kulirako kukugunda mofanana ndi mtima, kapena ngati kukubwera ndi chizungulire ndi kudzandira. Munthu amene wamwa aspirin wambiri n'kuyamba kusanza, kutuluka thukuta ndi kupuma mofulumira, makutu akulira, ndiye kuti mankhwala amuposa mphamvu. Mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi paketi ya mankhwalawo, ndipo akakutumizani ku Milange musazengereze.