Kulowa ntchito yosakoma kapena kudikira: zimene mayi wachiyuda wosunga Sabata amayeza

Mayi wachiyuda wosunga chilamulo akachotsedwa ntchito mumzinda wa New York, kusaka kwake sikufanana ndi kwa mnzake wa mpingo wina. Onse amalemba makalata, onse amapita ku intavyu, onse amagona foni ili pafupi ndi khutu. Koma mayiyu ali ndi nkhani imodzi imene ayenera kuitula pamaso pa bwana asanasaine chilichonse: Lachisanu dzuwa lisanalowe ayenera kukhala atafika kunyumba. Makandulo a Sabata amayatsidwa kutatsala mphindi 18 kuti dzuwa lilowe, ndipo mu Disembala nthawi imeneyo ku New York imakwana 4 koloko itangodutsa kumene. Amene amayenda ola lathunthu pa sitima yapansi panthaka ayenera kuweruka cha m'ma 2 koloko. Kuyambira pamenepo mpaka nyenyezi zitatuluka Loweruka sagwira foni, salemba, sakwera galimoto, sagula kanthu. Kuwonjezera apo pali masiku 13 a zikondwerero pachaka amene Ayuda okhala kunja kwa Israel amawasunga ngati Sabata. Masiku 7 mwa amenewa amabwera mothithikana pakati pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha Rosh Hashanah ndi chikondwerero cha Simchat Torah, m'masabata atatu okha ndi masiku ochepa.

Tiyerekeze kuti mayi wotere, wa ku Brooklyn, wa ana asukulu, anali wowerengera ndalama pa kampani ina kwa zaka zambiri, ndipo tsopano watha miyezi ali pakhomo. Kwapezeka ntchito yoyankha mafoni ndi kukumbutsa anthu ngongole zawo. Malipiro ndi otsika kuposa akale, malo ndi akutali, ntchitoyo siifuna ngakhale theka la zimene amadziwa. Mtima wake ukukana. Ailandire, kapena adikire yomuyenera?

Mbali ya kulandira ndi imene ili ndi mphamvu zooneka ndi maso, ndipo mphamvu yoyamba ndi ndalama. Moyo wosunga chilamulo ku America ndi wodula mwa njira imene wakunja saiona msanga. Nyama ya kosher, yololedwa ndi chilamulo, imakwera mtengo kuposa nyama wamba. Ana amapita ku sukulu zachiyuda zolipira, chifukwa sukulu za boma siziphunzitsa Torah. Banja silingasamukire kulikonse kumene lendi yatsika, popeza pa Sabata liyenera kuyenda wapansi kupita ku sunagoge, ndiye nyumba zoyandikana ndi sunagoge zimalimbiranidwa. M'madera ena, monga ku Lakewood m'chigawo cha New Jersey kumene kuli sukulu yaikulu ya Beth Medrash Govoha, mabanja ambiri achinyamata amadalira malipiro a mkazi pamene mwamuna akuphunzira Talmud, mabuku a ziphunzitso za chilamulo, tsiku lonse. Pakhomo lotere mayi akakhala pansi, mphika wonse wakhala pansi. Komanso ku America inshulansi ya kuchipatala nthawi zambiri imabwera ndi ntchito. Lamulo limalola wochotsedwa ntchito kupitiriza inshulansi yakale mpaka miyezi 18, koma azilipira yekha yonse, m'nthawi imene thumba lake lilibe kanthu. Ndalama imene boma la New York limapereka kwa ochotsedwa ntchito imatha pakapita masabata 26, ndipo masabatawo akamapita, lamulo limayembekezera kuti munthu avomere ntchito ya malipiro ocheperapo kuposa akale.

Nthawi nayo siili kumbali ya wodikira. Mu 2013 akatswiri atatu a zachuma, Kory Kroft, Fabian Lange ndi Matthew Notowidigdo, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo amene adatumiza makalata opeka ofunsira ntchito pafupifupi 12,000 m'mizinda 100 ya ku America. Adapeza kuti mwayi woitanidwa ku intavyu umatsika munthu akamakhalitsa pa ulova, ndipo kutsika kwakukulu kumachitika m'miyezi 8 yoyambirira. Olemba ntchito amakayikira munthu amene anzawo sadamutenge. Kwa mayi amene amalowa kale mu intavyu atasenza pempho la Lachisanu, kuwonjezerapo chaka cha ulova ndi kudzisenzetsa mtolo wachiwiri.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti chipembedzo chake chenichenicho chimakankhira kumbali yomweyi. Talmud imasimba kuti mphunzitsi wamkulu Rav adalangiza wophunzira wake Rav Kahana kuti kuli bwino kusenda chikopa cha nyama yakufa pamsika n'kulandira malipiro kusiyana ndi kumati ntchitoyo ndi yonyozeka kwa munthu wolemekezeka ngati iye. Kusenda zikopa inali ntchito yonunkha, ya anthu apansi. Rabi Akiva naye adaphunzitsa kuti munthu achepetse chakudya cha Sabata kuti chifanane ndi cha masiku wamba, kusiyana ndi kudalira ena. Aphunzitsi ambiri a nthawi imeneyo adali amisiri: wina wosoka nsapato, wina wosula zitsulo, wina wotema nkhuni. Mphunzitsi wachiyuda Maimonides, amene adamwalira mu 1204 atagwira ntchito ya udokotala ku Egypt, adasanja chifundo m'magawo 8, ndipo pamwamba pa onse adaikapo kupatsa munthu ntchito, ngongole kapena mgwirizano wa malonda kuti asadzapemphenso. Mwambo umene umalemekeza chomwechi wopatsa mnzake ntchito sungakhale mwambo wonyoza woilandira. Mayiyu akapita kwa rabi wake n'kunena kuti ntchitoyo ikumuchititsa manyazi, n'zokayikitsa kuti angamve mawu omulimbikitsa kukhala pakhomo.

Tsono kudikira kuli ndi chiyani? Kuli ndi zambiri kuposa mmene achangu amaganizira, ndipo sindifuna kuti tizipeputse.

Choyamba, mayiyu sadikira ali yekha. M'madera a Ayuda osunga chilamulo muli timabungwe totchedwa gemach, tobwereketsa ndalama popanda chiwongoladzanja, komanso zovala zaukwati, mipando, zikuku za ana. Bungwe la Hebrew Free Loan Society lakhala likubwereketsa motero ku New York kuyambira 1892. Magulu a Tomchei Shabbos amasiya chakudya cha Sabata pakhomo la banja losowa mwakachetechete, kuti ngakhale anansi asadziwe. Sukulu zambiri zili ndi komiti yochepetsa fizi kwa makolo amene zawavuta, ngakhale kuti kukaonekera pamaso pa komitiyo ndi kuulula zonse za m'thumba kwa anthu amene upemphera nawo. Thandizo lotere limagula nthawi, ndipo nthawiyo itha kugwiritsidwa ntchito: kuphunzira pulogalamu yatsopano ya pakompyuta, kulemba mayeso a satifiketi, kukumana ndi anthu a m'ntchito yake yakale.

Chachiwiri, ntchito yosakoma imadya mphamvu zosakira ina. Munthu amene watha maola 8 akutukwanidwa pafoni ndi angongole, kenaka maola awiri m'sitima, safika kunyumba ndi mutu wolembera makalata. Kwa mayiyu n'zoposa apo. Ena amasaka ntchito Loweruka, iye Loweruka alibe. Lachinayi usiku amaphika za Sabata. Tsiku lomutsalira ndi Lamulungu lokha, lomwenso ndi lochapa ndi logula zinthu, ndipo anyamata ambiri a m'sukulu zachiyuda amaphunziranso tsikulo. Masiku atchuthi amene kampani yatsopano ingamupatse adzathera onse ku zikondwerero, osatsala ngakhale limodzi lopitira ku intavyu. Ntchito yolowa "mongoyembekezera" imatha kukhala ya zaka zisanu mwa njira imeneyi. Ndipo malipiro otsika amamata: wolemba ntchito wotsatira amaona udindo umene munthu ali nawo lero, osati umene adali nawo kale.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro. Ayuda opembedza amati chakudya cha munthu cha chaka chonse chimagamulidwa kumwamba pa Rosh Hashanah, ndipo kudalira Mulungu kotere amakutcha bitachon. Koma pambali pake amaikapo hishtadlut, khama limene munthu ayenera kuchita ndi manja ake. Aphunzitsi akhala akutsutsana kwa zaka mazana ambiri za muyeso wa ziwirizi, ndipo mtsutsowo umalowa m'mutu mwa mayiyu usiku. Kulandira ntchito yotsika ndi kusonyeza kuti sakhulupirira kuti yabwino ibwera? Kapena kuikana ndi kukana chimene Mulungu watumiza? Ine ndikuona kuti wodikira ayenera kudzifunsa moona mtima ngati chomuimitsa ndi chikhulupiriro kapena ndi mantha a zimene amayi anzake adzanene ku sunagoge. Ziwirizi zimafanana nkhope kwambiri.

Apa m'pamene ndikuona kuti funso lenilenilo lili kwina. Ntchito zosakoma sizili za mtundu umodzi. Pali imene imaluma ulemu wa munthu: yotopetsa, yotsika, yosafuna nzeru zake. Pali ina imene imaluma Sabata. Yachiwiriyi kwa mayi wosunga chilamulo siilowa n'komwe pa sikelo, ndipo agogo ake adalipira kale mtengo wake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Ayuda othawa kum'mawa kwa Ulaya adapeza kuti mafakitale osoka zovala ku New York amagwira masiku 6 pasabata, Loweruka lomwe. Mabanja ambiri amasimbabe za kholo limene linkachotsedwa ntchito chifukwa chosabwera Loweruka, n'kuyambanso kusaka Lolemba. Ena ambiri njala idawagonjetsa. Moto umene udabuka pa fakitale ya Triangle pa 25 Malichi 1911 udapha anthu 146, ambiri a iwo atsikana achiyuda ndi achitaliyana, ndipo tsikulo lidali Loweruka. Atsikanawo sadalakwe. Adali pa makina chifukwa kwawo kudalibe china chodyera, ndipo zitseko zina zotulukira zidali zokhoma.

Lero mayiyu ali ndi zida zimene atsikana aja adalibe. Kugwira ntchito maola 40 pasabata kudakhazikika m'malamulo a America pofika 1940. Mu 1963 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula mlandu wa Adell Sherbert, mayi wa mpingo wa Seventh-day Adventist wa ku South Carolina, amene adachotsedwa pa fakitale ya nsalu chifukwa chokana kugwira Loweruka, kenaka boma n'kumumana ndalama ya ochotsedwa ntchito ponena kuti akukana ntchito dala. Khoti lidati boma silingakakamize munthu kusankha pakati pa tsiku lake lopatulika ndi thandizolo. Owerenga a Adventist kwathu kuno, amene amadziwa kuwawa kwa mayeso kapena ntchito yoikidwa Loweruka, aona kuti mlongo wawo ndiye adatsegulira njira Ayuda omwe. Lamulo la ufulu wa anthu la 1964, litawonjezeredwa mu 1972, lidalamula olemba ntchito kuti azipereka mpata wa zachipembedzo. Chigamulo cha khoti lalikulu cha 1977 chidafewetsa lamuloli kwambiri, mwakuti bwana ankatha kukana ponena za kamtengo kakang'ono. Mu Juni 2023, pa mlandu wa Gerald Groff, wonyamula makalata amene ankakana kugwira Lamulungu, oweruza onse 9 adagwirizana kuti bwana ayenera kusonyeza kuti mpatawo umuonongetsa kwambiri, apo ayi aupereke.

Lamulo papepala silichotsa nkhope yokwinya ya bwana Lachisanu lililonse, ndipo kampani imene sikufuna wosunga Sabata imangosankha wina osatchula chifukwa. N'chifukwa chake ntchito yosakoma imene yavomereza Lachisanu ndi zikondwerero popanda kuwiringula ili ndi mtengo wobisika umene suoneka pa malipiro. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndi chifukwa chomwechi amayi ambiri amathera m'makampani a Ayuda anzawo. Sitolo yaikulu ya makamera ya B&H ku Manhattan imatseka Lachisanu masana, ndipo ngakhale pa intaneti siilandira maoda pa Sabata. Pamalo otere palibe wofunsa chifukwa chake mayi wavala wigi kapena mpango, chifukwa chake sapereka dzanja kwa mwamuna, chifukwa chake sadya nawo paphwando la kampani. Koma makampani ang'onoang'ono a m'deralo ali ndi minga yawo. Bwana atha kukhala mnansi, mkazi wake n'kukhala mphunzitsi wa mwana wako, ndipo kupempha kuti malipiro akwere kapena kusiya ntchito kumasanduka nkhani ya mudzi wonse. Ena amalipira mochepa podziwa kuti mayiyu alibe kwina kosavuta kopita.

Nditaziika zonsezi pamodzi, sindikuona kuti mbali ziwirizi n'zolemera mofanana. Kudikira kumayenera mayi amene ali ndi ndalama zosunga za miyezi ingapo, inshulansi kudzera kwa mwamuna wake, ndi maintavyu enieni amene akuyenda, ndipo ngakhale iyeyo adziikire tsiku lolekezera. Kumayeneranso aliyense ngati pantchitopo pali chinyengo, nkhanza kapena bwana woyankha mozemba za Lachisanu, chifukwa yankho lozemba mu Juni limasanduka mkangano mu Disembala. Kupatula apo, ngati chomuwawa mayiyu ndi kutsika kwa udindo ndi kutopetsa kwa ntchitoyo basi, ailandire. Asanayambe apemphe kuti maola a Lachisanu ndi masiku 13 aja alembedwe m'kalata ya mgwirizano, pamodzi ndi mmene adzabwezere maolawo, ndipo m'mawa wa Lamulungu lililonse aupatule kuti ukhale wosakira ntchito ina.